Mtengo wa maapozi uja wabereka, a Malume

A Malume, mtengo wa maapozi uja wabereka, koma inu kulibe. Ndakumbukira tsiku lomwe munabwera nawo kuchokera ku nazale komwe munkagwira ntchito, kuseri kwa tauni ya Croydon, kuno kunja. Kanali kamtengo kopanda ndi tsamba lomwe, mizu ili pamtunda. Ndinakalipa: "Malume, mwandibweretsera nkhuni?" Munaseka, n'kukanda khungwa ndi chikhadabo, mkati muli biriwiri. "Wangogona uwu, mphwanga, kuno mitengo imagona kukazizira. Ndi mtundu wakalekale, ndamezanitsa ndekha."

Munkadziwa kuti masiku amenewo ndinkangokhalira kulira, ndikufuna kulongedza n'kubwerera kumudzi. Simunandilalikire ayi. Munangondipatsa fosholo kuti ndikumbe dzenje. Zikomo, a Malume, sindinalongedze. Apozi woyamba ndamudyera pomwe munaima paja.