Tsiku Limene Atsibweni Anandikaniza Kupita ku Kepi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anabwera kutchuthi kuchokera ku Cape Town, kumene ankasamalira maluwa panyumba ya azungu. Inali nyengo yachisanu, ija ya kwathu ku Kasina imene madzi a mumtsuko amaluma mano. M'mawa wina anandiuza kuti ndiwaperekeze kukatola nkhuni kuphiri la kuseri kwa mudzi wathu.

Titafika pamwamba tinacheuka. Dambo lonse linali litamira m'chifunga, osaoneka ngakhale mzere umodzi wa kachewere.

"Nyanja ya ku Kepi imaoneka chonchi," anatero bambo, "koma iyo siibalalika dzuwa likakwera."

Kenaka anayamba kundiyalira mzinda wonsewo ndi chala. Pamene tinaimapo, anati, ndi pa anthu olemera. Nyumba zawo zimasanjikana m'mbali mwa phiri, iliyonse kusuzumira nyanja pamwamba pa denga la inzake. Ndinaseka, chifukwa kwathu wokhala kumtunda kumiyala ndi amene anasowa malo kudambo. M'munsi, pakati pa phiri ndi doko, muli mashopu ndi maofesi. Kuseri kwa phiri, kumene nyanja siioneka, kuli chigwa chamchenga chodzaza timanyumba tamalata, ndipo mvula ikagwa mu Juni madzi amalowa mpaka pansi pa bedi. Kumeneko ndi kumene iwo ankagona. Sanandibisire.

"Koma sukulu iliko yabwino, ya laibulale," anatero. "Ndikufuna ndikutenge. Ukadzaphunzira, phiri lija udzakwera ndi makiyi a nyumba yako, osati ndi khasu ngati ine."

Ndinatsika nkhuni zili pamutu, mtima uli kale m'basi.

Komatu kwathu bambo samangonyamula mwana. Iwo anali mkamwini, anachita kudzamanga pamudzi pa amayi. Mwini mbumba anali atsibweni, achimwene awo a amayi, ndipo mawu omaliza anali awo. Bambo ndi atsibweni anakhala pansi pa mtengo wa pichesi, ine atandikhazika pamphasa pafupi ndi amayi.

"Alamu, malata amene mwakhoma panyumbayi tawaona, zikomo," anatero atsibweni. "Koma mwanayu ndi wathu. Inu munabwera kuno ndi chikwama, ndipo chimene mungabwerere nacho ndi chikwamacho."

"Ndikungofuna aphunzire, alamu."

"Kodi kuno sukulu kulibe? Tidzamuphunzitsa tokha."

Amayi anangoyang'ana pansi. Bambo anadzuka, n'kusasa fumbi pathalauza. Sabata yomweyo ananyamuka, ndipo sanabwerenso. Mafoni anayamba kuchepa, mpaka tinamva kuti anakwatira konko. Iwonso ndimawasungira mkwiyo wawo. Munthu amene anatha kuwoloka malire atatu anagonja msanga kwambiri pansi pa mtengo wa pichesi.

Nditasankhidwa kupita kusekondale, ndinapita kwa atsibweni ndikumwetulira ngati chitsiru. Anati chaka chimenecho kachewere sanachite bwino, ndidikire. Chaka chomwecho ana awo aamuna anapita kusukulu yogonera komweko, ndi masutikesi atsopano. Mwambo uja, umene unali wolimba pokaniza bambo anga, unafewa utafika pa ana a atsibweni. Ine anandipezera chochita: kuthamangira mawindo a minibasi pa Chimbiya, beseni la kachewere wawo lili m'manja. Ndinkati ndikaona basi yaikulu yolowera kum'mwera, ndinkaiperekeza ndi maso mpaka itazimiririka.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndinazindikira kuti munthu akanena kuti "mwanayu ndi wathu," uyenera kumufunsa kuti akumufunira chiyani. Atsibweni sankandifuna ine. Ankafuna kuti mkamwini adziwe malo ake, ndipo ine ndinali chokwapulira chimene chinali pafupi.

Atsibweni anamwalira chaka chatha. Pamaliro, wolankhula m'malo mwa banja anawayamikira kuti anasunga mbumba yawo, palibe amene anatayika. Ndinali chapomwepo, ndowa ya madzi ili pamutu, ndipo ndinayang'ana akulu ndi ang'ono anga, ana a alongo a malemuwo, akutsuka mbale za anthu. Wolankhulayo sankanama. Tonse tinalipo, palibe mmodzi wa ife amene anapita kulikonse.