Mpikisano wa Galimoto pa Kompyuta ya Bambo

Ndikukumbukira Loweruka lina ku Umoja, kuno ku Nairobi, amalume anga a Limbani atatsegula kompyuta yathu pa tebulo lodyera. Nthawi imeneyo bambo ankagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu, ine ndili kamtsikana ka sitandade sikisi. Amalumewo anali atangobwera kuchokera ku maphunziro kunja. Ine ndinkayembekezera nsapato, koma iwo anatulutsa kathabwa kobiriwira, kodzaza tizitsulo, konunkha pulasitiki watsopano. Ankakatchula kuti khadi la zithunzi.

"Limbani, ukaipha kompyutayo ukafotokoza wekha kwa alamu ako," anatero amayi akuchotsa makapu.

Khadilo linali ndi makhalidwe ake. Silinkagwira ntchito lokha, linkalumikizidwa ku khadi lakale ndi kachingwe kafupi kumbuyo. Komanso kampani yomwe inalipanga inakonza chiyankhulo chakechake, moti magemu okhawo olembedwa m'chiyankhulocho ndi amene ankakongola. Mwamwayi gemu yanga ya mpikisano wa galimoto inali m'gulu limenelo.

Atayatsa, m'kati munamveka kuti tha! Sikirini inada kaye. Kenako msewu wa mu gemu ija, womwe kale unkaoneka ngati njerwa zosanja, unatulukira uli see, wosalala, nkhungu ikuyandama pamapiri, nyali zikunyezimira pa phula lonyowa. Pofika madzulo ana a m'nyumba zoyandikana nafe anali atadzaza pazenera, chimanga chowotcha chili m'manja, akukuwa m'chiyankhulo cha kuno kuti "Cheza tena!", kutanthauza kuti ndibwerezenso. Ngakhale mahutala a maminibasi otchedwa matatu kumsewu sitinkawamva.

Bambo anali munthu wa mawu ochepa. Ine ndi iwo tinkangopatsana moni, kenako n'kufunsana za mayeso, basi. Za gemuyo ankati n'kutaya nthawi. Koma masana ena ndinamva fungo la sopo wawo wometera kumbuyo kwanga. Anaima pamenepo ndithu, kenako anati, "Iwe, pamenepo sakhota choncho. Tasuntha."

Anakhala pampando, n'kuvala magalasi, n'kulunjika galimoto pakhoma. Anabwerera m'mbuyo, n'kugundanso khoma lomwelo. Kenako anayamba kuthamanga molimba mtima kulowera kumene galimoto zina zonse zinkachokera. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo Loweruka masana linali lathu. Tinkasinthana mpando, ndipo maso ali pa sikirini bambo ankandifunsa zinthu zomwe sakanandifunsa titayang'anizana: anzanga, aphunzitsi ondiopsa, chomwe ndinkafuna kudzakhala. Inenso ndinkayankha momasuka.

Nthawi ya sekondale itakwana ananditumiza kumudzi, ku sukulu yogonera konko. Nditabwera kutchuthi chachitali ndinapeza kompyuta yatsopano, yamphamvu kuposa yoyamba ija. Ndinathamangira kuikamo gemu yathu. Inakana. Ndinayesanso, inakananso. Amalume anandifotokozera pafoni kuti kampani ija inagwa, ndipo makhadi atsopano ankamva chiyankhulo china, chogwirizana makampani onse. Chakale chija chinalibenso mwini.

Gemuyo sinandidandaulitse kwenikweni. Ndinkaopa kuti ine ndi bambo tibwereranso ku moni ndi mayeso.

Bambo anangondiyang'ana, n'kulowa kuchipinda. Ndinamva chinthu chikukhwekhwerezeka pansi, ndipo anatulukira akukoka katoni. Munali kompyuta yakale ija, khadi lake lili momwemo.

"Ndinawauza kuti tikaipereke kutchalitchi," anatero amayi, "anakana ngati ndawapempha impso."

"Khala pansi, mwanawe," anatero bambo akupukuta magalasi. "Uli kusukulu ine sindinagone."

Tsiku limenelo anandigonjetsa koonekeratu, ndipo anayendayenda m'nyumba monse manja ali m'mwamba ngati mnyamata.

Lero ndimakhala ku Ruaka, kunja pang'ono kwa Nairobi, ndi ana anga awiri. Magemu awo amakwana m'foni, ndipo foni iliyonse imawalandira popanda kufunsa kuti analembera khadi la yani. Zithunzi zake n'zokongola moti zathu zija akanaziseka. Koma aliyense amakhala pakona yake, tizingwe tili m'makutu. Ndiye Loweruka masana ndimawalanda foni imodzi, n'kukhala pakati pawo, n'kuyamba kugunda makoma. Amaseka, amandilangiza, ndipo m'kati mwa phokosolo amayamba kundiuza za kusukulu.