Ersilia ndi Esiteti ya Valdorsa

Inu amene mukuona ngati dziko lakutsekerani makomo onse, tamvani za Ersilia Bencini. Nkhani yake ndi ya munthu amene anapambana, koma musayembekeze kuti muimva yonse mukumwetulira.

Tsiku limene banja lawo linkachoka pa esiteti ya Valdorsa kunali mvumbi. Unali mwezi wa Novembala, nthawi imene matenanti a m'mapiri a Toscana ankauzidwa ngati akhala kapena asamuka. Katundu wawo yense anakwana pa ngolo imodzi yobwereka: matiresi, bokosi lokandiramo buledi, mipando yothyoka miyendo, ndi nkhuku m'dengu.

Bambo ake, a Settimio, sanabe kanthu ndipo sanali aulesi. Anangogwa pamakwerero akuthyola zipatso za azitona, mwendo n'kuthyoka, n'kupola mokhota. Ana awo anali aakazi okhaokha, Ersilia ndi mng'ono wake Ilde. Pa esiteti, banja lopanda mwana wamwamuna linkaoneka ngati pakamwa pongodya.

"Usandiyang'ane choncho, Settimio," anatero kapitawo. "Bwana apeza banja la anyamata okhaokha. Munda ukufuna manja."

"Mphesa zimenezi anadzala ndi agogo anga."

"Anadzala pa nthaka ya eni ake."

Ersilia, amene anali asanakwanitse zaka khumi ndi zisanu, anatulukira kuseri kwa ngolo. "Ndilima ine! Ng'ombe zimandimvera, afunseni anthu!"

Kapitawo uja anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, kapeze mwamuna akukwatire. Tiyeni, mvula ikukunyowetserani matiresi."

Anapita ku Prato, tauni ya mafakitale a nsalu. Anapeza kachipinda kamodzi kuseri kwa fakitale, kopanda zenera loona kuphiri. Amayi ake sanapirire: chisanu chachiwiri chinawatenga ndi chifuwa. A Settimio, munthu amene anazolowera kudzuka ndi dzuwa, ankangokhala pakhomo, kumathirira timasamba m'zitini.

Ersilia analembedwa ntchito yosankha nsanza. Ankakhala pansi tsiku lonse pakati pa milu ya zovala zakale, kupatula zaubweya ndi zathonje, fumbi lili koboo. Madzulo akamina, zinkatuluka zakuda. Atadwala kwa kanthawi anapeza malo ake apatsa wina.

Pamenepo ndi pamene anaganiza zogulitsa chakudya. Anabwereka mphika, n'kumaphika chifu cha ng'ombe ndi anyezi ndi tomato, kuika m'kati mwa buledi, kukaima pageti la fakitale nthawi ya nkhomaliro. Mlungu woyamba chakudya chambiri chinabwerera kunyumba. Mlungu wachiwiri apolisi anamulanda mphika chifukwa analibe chilolezo. Analira njira yonse, koma mawa lake anabwereka mphika wina.

Amuna a m'fakitale sankamusiya.

"Wakumudzi iwe, chifu chimenechi ndi cha ng'ombe kapena ndi nsapato ya bambo ako?"

"Ndi lilime la mkazi wako, n'chifukwa chake chatalika. Ugula kapena ukunditchinga?"

Anzake ankafa nazo n'kuseka, mwini nthabwala uja n'kugula mabuledi awiri. Posakhalitsa mzere unkafika kumsewu. Anawonjezera vinyo wa m'kapu, wochokera kwa alimi ang'onoang'ono a kwawo amene ankawadziwa. Mphika unabala kangolo, kangolo kanabala kanyumba kodyeramo. Zaka zikupita, Ersilia anali ndi malo odyera awiri, komanso malole ogawa vinyo ndi mafuta a azitona m'matauni onse ozungulira.

Anthu ankamutama kuti sagona. Zinali zoona. Koma chimene chinkamudzutsa sichinali chuma. Mumtima mwake munali Valdorsa yokha: nyumba yaikulu yamiyala pamwamba pa phiri, mizere ya mphesa yotsetsereka mpaka kumtsinje, ndi mitengo ya azitona yakale kuposa tchalitchi cha m'mudzimo. Anali atalumbira kuti adzabwezera bambo ake kumeneko, osati pa ngolo, koma ngati eni ake.

Ilde anakwatiwa ndi woyendetsa basi, n'kutenga bambo awo kukakhala nawo. Ndiye amene ankawachapira, kuwameta, ndi kuwasisita mwendo ukatupa. Ersilia ankatumiza chilichonse: nsapato zofewa, nyama, madokotala odula. Chimene sankatumiza ndi iye mwini.

"Ababa akukufunsani," Ilde ankatero pafoni.

"Uwauze ndibwera Lamlungu."

"Lamlungu lake liti, achemwali? Inu mwasanduka wansembe, Lamlungu lililonse muli pantchito."

Tsiku lina anapitadi. Anapeza bambo ake ali patebulo, supu ya nyemba ikufuka nthunzi. Anawapsompsona pamphumi, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Khala pansi, mwana wanga. Ilde, m'patse mbale mkulu wakoyu."

"Lole ikundidikira, ababa. Koma tamvani, tatsala pang'ono. Ndidzakubwezerani ku Valdorsa."

A Settimio anaika supuni pansi. "Wakutuma ndani? Ine ndati ukhale pansi udye nyemba."

Ersilia anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za nkhalamba. Anatuluka.

Mwayi wogula Valdorsa unafika Ersilia ali ndi imvi kale. Bwana wa Valdorsa anali atamwalira kalekale, ndipo adzukulu ake a ku Milano, amene sankadziwa n'komwe kumene kuli chitsime, anaiika pamalonda. Ersilia atapita kukaona anagwira pakamwa. Denga la nyumba yaikulu linali litagwa mbali imodzi. Minga inali itakwera pamphesa. Mitengo ya azitona, yosadulira zaka zambiri, inali itangosanduka tchire. M'chipinda chapansi chosungiramo vinyo migolo inali itauma n'kung'aluka.

Panalinso kampani ina yakunja imene inkafuna kuzula mphesa zonse n'kumangapo hotela. A banki anamukaniza ngongole, ati mayi wa msinkhu wake asadziike m'mavuto. Anzake anamuuza kuti wapenga. Iye anagulitsa malo odyera onse awiri, malole, ndi nyumba yake yomwe. Kenako anakasaina kwa loya.

Anaimbira Ilde. "Ndagula! Valdorsa ndi yathu!"

Ilde anati, "Ndiye bwerani muwatenge mawa lomweli. Mutu wawo ukupita, achemwali. Dzulo amandifunsa kuti amayi achedwa kuti."

"Ayi, asaione ili chonchi. Mtima ungawasweke. Ndikonze kaye."

"Ersilia, ababa sakufuna denga."

"Ndati ndikonze kaye. Nthawi yokolola mphesa adzalowa ngati mfumu."

Anagwira ntchito ngati wogwidwa ndi mizimu. Anadula minga ndi manja ake, anaitana amisiri kufolera denga, anadzala mphesa zatsopano pamene zakale zinafa. Nthawi yokolola inafika, koma iye anaona kuti makhonde sanapakidwe, nati chaka chamawa. Chilimwe chinabweranso, mitengo ya azitona inachita maluwa, ndipo Valdorsa inayamba kuoneka ngati kale.

Tsiku lija linafika m'mwezi wa Seputembala. Dzuwa linali lofunda bwino, okolola akuimba m'mizere, fungo la mphesa zopondedwa lili ponseponse. Ersilia anavala diresi lake labwino, anakonzetsa tsitsi, anayala tebulo lalitali m'chipinda chachikulu. Kenako anaima pamwamba pa masitepe kudikira.

Ilde anadzamuuza pambuyo pake kuti m'galimoto bambo awo anatsitsimuka. Munthu amene ankaiwala dzina la mdzukulu wake anatchula munda uliwonse, mtengo uliwonse wa m'mbali mwa msewu, ngakhale pamene ng'ombe yawo inathyokera nyanga. Koma galimoto itaima pabwalo la nyumba yaikulu, anachita mantha.

"Ilde, wasokera. Kuno si kwathu. Atiwona kapitawo."

Anawatsitsa ndi ndodo yawo. Ersilia anatsika masitepe manja atatambasula.

"Ababa, takulandirani. Lowani m'nyumba mwanu."

A Settimio anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi. Kenako anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa ndi manja onse awiri, mutu atawerama.

"Adona, pepani, tabwera osakonzeka."

"Ababa, ndine Ersilia."

"Eya, Ersilia, adona, mwana wanga wamkulu. Mwamumva? Ndi wamkazi, koma amalima kuposa amuna. Mwendowu upola, musaone kutsimphinaku. Chonde tiuzireni bwana asatichotse. Tipita kuti ndi ana?"

Okolola amene anabwera kudzaombera m'manja anayang'ana pansi. Ilde anatembenukira kugalimoto, mapewa akugwedezeka. Ersilia anagwada pamiyala ya pabwalo, diresi labwino lija lili m'fumbi, n'kugwira manja a bambo ake.

"Simuchoka," anatero. "Palibe adzakuchotseni. Ndalamula ine."

"Mulungu akudalitseni, adona. Dzukani, mudetsa chovala."

Masitepe aja sanawakwere. Anakana kwamtuwagalu, ati tenanti salowera khomo lakumaso. Chakudya chinazizira patebulo.

Madzulo a tsiku lomwelo, alongo awiri aja anakhala pansi pa mtengo wa azitona, bambo awo akuwodzera m'galimoto.

"Nena, Ilde. Unandiuza."

"Ndinenenji? Mwagwira ntchito, achemwali, palibe angatsutse. Chaka chatha akanakudziwani. Akanakutukwanani chifukwa cha minga ija, koma akanakudziwani."

Mukuganiza kuti Ersilia anagulitsa Valdorsa n'kuthawa? Anthu ambiri akanatero. Iye anapukuta misozi n'kufunsa chimene chinali chikadali chotheka. Anakonza kanyumba kakale ka matenanti kumunsi kwa phiri, kamene anabadwiramo, n'kusamutsiramo bambo ake. Ntchito ya minda anaisiya m'manja mwa ena masana onse. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, anaphunzira kukhala pansi popanda chochita.

Ankafika dzuwa litapendeka, a Settimio n'kuyesa kudzuka pampando.

"Adona abweranso! Koma inu mulibe ntchito kumtunda kuja?"

"Ndabwera kudzacheza, a Settimio."

Ankamuuza za chisanu chimene chinapha mitengo iwo ali anyamata, za mmene anafunsirira mkazi wawo pa gule wa nthawi yokolola, za ng'ombe ina yamakani imene inkadana ndi wansembe. Zambiri mwa nkhanizi Ersilia ankazimva koyamba. Ankaseka, kenako n'kukalirira kuseri kwa nyumba.

Tsiku lina, akuyang'ana anthu akudulira mphesa, a Settimio anati, "Mwana wanga wamkulu ndi wa msinkhu ngati wanu. Ali ku Prato."

"Amabwera kudzakuonani?"

"Ayi, adona, ntchito yamuchulukira. Koma sindimuimba mlandu. Anavutika ali wamng'ono, ndipo ine ndinalephera kumuteteza. Ndi mwana wabwino kwambiri."

Anamwalira mphesa zikuphuka masamba, ali pabedi m'kanyumba kaja, zenera lili lotsegula. Ersilia anali atawagwira dzanja. Mpaka mapeto ankamuthokoza ngati mlendo wachifundo.

Lero vinyo wa ku Valdorsa amamwedwa kutali, ndipo mafuta ake amatha asanafike n'komwe pamsika. Ambiri mwa ogwira ntchito kumeneko ndi amayi, ena amasiye, ena amene kwina konse anawakana. Wovulala pantchito sachotsedwa. Mwana wa Ilde ndiye akuyendetsa zinthu tsopano, Ersilia atakalamba. Achinyamata amabwera kudzamufunsa chinsinsi chake, ndipo iye sabisa.

"Mphika atandilanda ndinabwereka wina," amatero. "Zimenezo muchite, musachite manyazi. Koma ine ndinkafuna kufika kwa ababa nditanyamula phiri lonse, pamene iwo ankangofuna kuona nkhope yanga. Zimenezo musatengere."

Inu amene mwachotsedwa ntchito, amene akusekani, amene katundu wanu yense angakwane pa ngolo imodzi: mwana wa tenanti wotsimphina anagula esiteti yonse. Nanunso mungathe. Osataya mtima, limbikirani mpaka zitheke. Koma ngati pali munthu amene akukudikirani kwinakwake, musadikire kuti mupambane kaye. Pitani mlungu uno, ngakhale chimanjamanja, akadakudziwani dzina.