K350 yanga inagula akaunti ya anthu asanu ndi atatu

Kashopu kena ka mafoni pamsika wa Chawama kamwaza zinsinsi za amayi m'mafoni a anthu osadziwika, ndipo amene analipira K350 kuti zimenezi zichitike ndine. Ndikulemba mtima ukuwawa.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndine mlangizi kutchalitchi kwathu. Amayi amabwera kwa ine ndi nkhani za m'banja zimene sangauze ngakhale mayi awo owabereka. Ndimalemba, chifukwa mutu wanga si wa mtsikana: anabwera ndani, tinagwirizana zotani, tidzaonananso liti. Kale ndinkalemba m'kope. Mvula ya chaka chatha madzi analowa m'nyumba, kope lija linasanduka phala.

Ndiye ndinati ndizilemba pafoni. Koma foni ya kwathu kuno mumaidziwa. Uyu akufuna kuimbira, uyu akufuna tochi, uyu akufuna kuona zithunzi za ukwati. Ndinakhala pansi ndi Mayi Mulenga, mphunzitsi wa makompyuta amene timapemphera limodzi. Masabata awiri tikusankha. Anandionetsa apu yolembera imene imakiya zonse ndi pasiwedi, moti ngakhale amene anaipanga sangawerenge. Anati mapangidwe ake ali poyera, aliyense wodziwa makompyuta akhoza kusuzumira mkati kuona ngati muli chinyengo. Yaulere ilipo, koma zolemba zimakhala m'foni mokha. Akakubera m'basi, zapita. Yolipira imasunganso pa intaneti. Mtengo wake ndi wa madola, ukasintha umapitirira K900 pachaka, ndipo amafuna kadi ya kubanki. Ine ndimagulitsa zitenje. Kadi ndiitenga kuti? Mayi Mulenga anati ndidikire mwezi uthe adzandilipirire ndi kadi yawo. Ine ndi phuma langa sindinadikire. Pamenepo ndinalakwa, ndikuvomera.

Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, ndinapita kukashopu kaja. Pakhomo analemba kuti amalipirira anthu zinthu za pa intaneti. Ndinapeza wantchito, bambo wamkulu ndithu, wa ndevu zake. Ndinamuuza momveka bwino kuti ndikufuna yanga ndekha, chifukwa ndilembamo nkhani za anthu. Iye anati, "Ba mami, musavutike na ma 900. Ise tichita K350 chabe, chaka chonse." Ndinafunsa kuti yatchipa bwanji. Anati ali ndi njira yawo. Anatenga foni, patapita mphindi 20 anandibwezera apu itatseguka kale. Ndinafunsa pasiwedi. Anati si yofunika, ndizingoika chala. Ndinafunsa risiti. Anaseka.

Masabata atatu ndinalemba ndi mtima wonse. Nkhani khumi ndi imodzi, mayina onse momwemo. Imodzi ndi ya mayi amene mwamuna wake amamumenya. Sinditchula dzina kapena dera. Tinakonza kuti sukulu zikatseka achoke ndi ana mwakachetechete. Ndinalemba tsiku, kumene akupita, ndi pamene anabisa chikwama cha zovala.

Lachinayi sabata yatha chala changa chinadina pena pake molakwika. Panatuluka mafoda asanu ndi atatu. Yanga analemba kuti "Mami zitenje". Ina "Dalaivala". Ina "Ba pasita". Ina "Kaunda Square". Ndinatsegula ya dalaivala, ndinapeza mitengo ya matayala ndi mabuleki. Ndinatsegula ya abusa, ndinapeza ulaliki wa Lamlungu. Sanandifunse pasiwedi iliyonse. Ngati ine ndikuwerenga zawo, iwo akulephera bwanji kuwerenga zanga?

Pofika 14:30 ndinali pashopu. Bambo uja sanadabwe n'komwe. Anati, "Aa, ba mami, ndiye mwamene tichitila. Akaunti ni imozi, aliyense na foda yake, monga ija akaunti yoonela mafilimu pa intaneti. Munthu sangatsegule foda ya munzake, ni ulemu chabe."

Ulemu! Pa Chawama pano, pamene munthu akakuona ndi jumbo amafunsa zimene wagula? Ndiye ine ndinasankha apu masabata awiri kuti zinsinsi za anthu zilonderedwe ndi ulemu wa dalaivala amene sindikumudziwa?

Ndinati andipatse manambala a anthu asanu ndi awiri enawo. Anati makasitomala ndi ambiri, salemba. Ndinati asinthe pasiwedi pompo. Anati pasiwedi ili ndi abwana, ndipo abwana apita ku Nakonde kukaoda katundu, mwina abwera Lolemba. Ndinaumirira kuti awaimbire. Anaimba, ndipo ndinamva ndi makutu anga abwanawo akunena kuti, "Manje pa K350 benze kufuna vabwanji? Bafufute chabe vamene banalemba." Kenako wantchito uja anatulutsa K100, akuti ndi yoyendera. Yoyendera kupita kuti? Kunyumba za anthu asanu ndi awiri amene simukuwadziwa? Ndinaisiya patebulo.

Ndinafufuta zonse nditaima pomwepo. Ola la 16:00 ndinali kwa Mayi Mulenga. Anagwira kumutu. Anati apu ilibe mlandu, loko ndi wolimba, koma makiyi anagawira anthu asanu ndi atatu. Anatinso zimene ndafufuta zichoka m'foni ya munthu pokhapokha akalowa pa intaneti. Amene alibe bandulo, nkhani zanga zikadali m'thumba mwake. Amene anajambula kale, palibe chimene tingachite. Ndinafunsa kuti tingadziwe bwanji ngati wina anawerenga. Anati sitingadziwe.

Lachisanu m'mawa ndinapita kwa mayi uja mwamuna wake ali kuntchito. Ndinamupeza akuchapa. Ndinamuuza zonse osabisa kanthu. Anasiya kuchapa n'kundifunsa kuti, "Munalemba na zina yanga?" Ndinati inde. "Na kwamene niyenda?" Ndinati inde. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Ninauza imwe mweka, amai, kulibe wina. Manje siniyenda. Mwamuna wanga akamva, azanipeza kuja." Kenako anandipempha kuti ndisabwerenso pakhomo pake, anthu angayambe kufunsa.

Amayi khumi enawo sindinawauzebe. Ndiyambira pati? Zaka zonsezi anthu akhala akundikhulupirira chifukwa pakamwa panga sipatuluka kanthu. Lero ndikawauze kuti pakamwa ndinatseka, koma foni ndinaipereka kwa munthu wa pamsika?

Inu a shopu, mukudzidziwa. Lolemba lafika, lapita, abwana anu sanaoneke, foni yawo sakuyankha. Sindikufuna K350. Ndikufuna manambala asanu ndi awiri aja, ndipo ndikufuna pasiwedi isinthidwe ine ndikuona. Mwachita zimenezi kwa anthu angati? Munamva ndikunena kuti ndi nkhani za anthu, n'chifukwa chiyani simunangonena kuti simungathe?

Inu amene muli ndi foda m'akaunti imeneyo, ndakugwirani mwendo. Gulani bandulo lero, tsegulani apu kuti zija zifufutike. Ngati munawerenga, muli ndi alongo nanunso, khalani chete.

Enanu, musalole munthu kukutsegulirani akaunti. Imelo ikhale yanu, pasiwedi mulembe ndi chala chanu. Ngati ndalama sizikukwana, tengani yaulere. Wina akati achita K350 pa chinthu cha K900, mufunseni kuti mukhalamo angati.

Koma machenjezo anga sakumuthandiza mayi uja. Sukulu zitseka Lachisanu likubwerali. Chikwama chija wamasula, zovala za ana wabwezera m'kabati, ndipo madzulo ano amutsegulira chitseko mwamuna yemwe uja.