Mwana wa Eni pa Sitima ya Nkhalamba

Ndinaphunzitsa Sitandade 1 zaka zambiri, poyamba kumapiri a ku Ntchisi, kenaka kwathu kuno kufupi ndi Msakambewa, ndipo sindikumbuka chaka chimene ana m'kalasi mwanga anali ochepa moti n'kuwadziwa onse mayina teremu yoyamba isanathe. Ndiye munthu akandiuza kuti malo adzaza, ine ndimadziwa chimene akunena: wina akukukoka chitenje, wina wataya nsapato, wina akulira chifukwa mnzake wamuyang'ana. Ndinapuma ntchito khutu litazolowera phokoso, moti kukangokhala zii ndimayamba kukayikira kuti penapake palakwika.

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, amagwira ntchito yoperekera zakudya m'sitima zikuluzikulu za panyanja yamchere, zija zimanyamula anthu ongopita kokayenda. Amachoka miyezi isanu ndi itatu, n'kubwera kudzakhala iwiri. Mwana wake wamkazi anamusiya m'manja mwanga ali ndi zaka zitatu, ndipo nthawi imene ndikunenayi mdzukulu wangayo anali atakwanitsa zisanu ndi chimodzi.

Chaka chimenecho mwana wangayo anandiimbira foni kuti abwana awo amalola wantchito amene wakhalitsa kuitana wachibale mmodzi, zipinda zikatsala. Ulendo wake unali wa masabata atatu, kuchoka ku Cape Town mpaka ku Ulaya. Ndinakana. Ine ngakhale pa mlatho wa Bua ndimadutsa nditatsinzina. Koma achimwene anga atamva anabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Madisi. Iwowo ndiwo eni mbumba kwathu, ndipo sabwera kudzangocheza.

"Mupite, achemwali," anatero. "Mukamuuze kuti zakwana, asasainenso kontirakiti ina. Mwana akule akuona mayi ake pa foni pokha ngati ndi munthu wowerenga nkhani?"

Sindinatsutse, chifukwa mawu omwewo anali atakhalitsa mumtima mwanga. Ndinkaganiza kuti mwana wanga wakomedwa ndi moyo wakunja ndipo wayamba kuiwala chimene anasiya. Kontirakiti yatsopano amayenera kusaina sitima ikafika ku Ulaya, choncho ndinali ndi masabata atatu oti ndimubweze. Ndinasoketsa madiresi awiri kwa telala wa ku Congo pa Dzaleka, mdzukulu ndinamusiya kwa mng'ono wanga, ndipo ndinanyamuka ndi zitenje zinayi m'chikwama ngakhale anandiuza kuti kumeneko savala.

Sitimayo inali yaitali kuposa nyumba iliyonse yosanja imene ndinaionapo ku Lilongwe. Mwana wanga anandichenjeza kuti muli anthu masauzande, yatsala pang'ono kudzaza. Ndinakonzeka kukankhana ngati pa mzere wogula feteleza, zigongono zili chire. Koma palibe anandikankha. Tsiku loyamba ndinayendayenda m'makonde ndikudzifunsa kuti anthu masauzandewo abisala kuti.

Analipo ndithu, kungoti anali nkhalamba zokhazokha, ndipo nkhalamba sitenga malo. Ukaikhazika pa mpando ndi buku, ukaipeza pomwepo madzulo. Amuna ndi akazi awo amakhala moyandikana maola atatu osayankhulana, koma osati mokwiyirana, nkhani zinangowathera kalekale. Dziwe losambiramo linali bata, mwina agogo awiri akuyandama mwaulemu. Pothina pokha panali pa chikepe chokwerera m'mwamba nthawi ya nkhomaliro, chifukwa cha njinga za olumala ndi ndodo zoyendera, ndipo ngakhale pamenepo aliyense amapepesa mnzake. Ndinapeza chipinda cha ana, timipando tating'onoting'ono, nsomba zojambulidwa pakhoma, atsikana awiri a yunifolomu atakhala akusongola mapensulo amene palibe amawagwiritsa ntchito. Ndinaima pakhomo pamenepo nthawi yaitali. Mipando yabwino chonchija ine sindinaionepo m'kalasi mwanga.

Mayi wina wa ku Philippines amene amakonza m'chipinda changa ndiye anandimasulira. Anati sitima yomweyo pa maulendo aafupi a nthawi ya holide sumapumamo. Zipinda ndi zomwezo, koma chilichonse chimakhala ndi ana awiri atatu oonjezera, akuthamanga ndi mapazi onyowa, akudina mabatani onse a chikepe. Ulendo wautali, ndani angachotse mwana pasukulu masabata atatu? Amakwera ndi opuma ntchito basi. Anati m'sitima monsemo munali ana anayi, ndipo antchito onse amawadziwa.

Ndisaname, ndinasangalala. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndimamaliza tiyi akadali wotentha. Ndimagona masana popanda woitana pakhomo. Ndinapeza mnzanga, mayi wamasiye wa ku Ulaya woluka majuzi, ndipo timakhala limodzi pamthunzi, iye akuluka, ine ndikumuuza kuti akulakwitsa khosi. Madzi ndinasiya kuwaopa, ndimangopewa kuyandikira m'mphepete. Madzulo ndimakhala patebulo pamene ndimatha kumuona mwana wanga akugwira ntchito, mbale zinayi pa mkono umodzi, akukumbukira agogo osadya mchere ndi ena osamva khutu lakumanzere. Ndimanyadira, ndipo kunyadako kumandisokoneza. Amabwera m'chipinda changa ola limodzi masana akapuma, ndipo tsiku lililonse ndimati mawu a amalume ake ndinena mawa.

Sabata yachiwiri, titatha nkhomaliro, ndinapeza kamwana kakakazi pamasitepe. Kanali ka zaka ngati zitatu, tsitsi ngati ndevu za chimanga, katalira mpaka mawu kutha, kakungosisima. Anthu amakalambalala. Ena amayang'ana uku ndi uku, n'kupitirira. Ndinapsa mtima. Anthu akuluakulu a imvi, kulambalala mwana ngati ndi chithaphwi! Ndinakafunsa m'Chingerezi kuti amayi ake ali kuti, koma sikamamva Chingerezi. Ndiye ndinachita zimene mayi aliyense angachite pa msika wa Madisi. Ndinakapukuta mamina ndi ngodya ya chitenje, ndinawerama, ndinakaponya kumbuyo n'kumanga. Kanadabwa mpaka kanaiwala kulira.

Ndinakwera nako kumtunda kumene kuli dziwe, ndikuyang'ana mayi wooneka ngati wataya mwana. Tisanafike n'komwe ndinamva mutu ukulemera pamsana, kagona. Mwana wogona sadzutsidwa, ndiye ndinapita kumbuyo kwa sitima kumene kulibe phokoso, ndinaima pamthunzi ndikugwedezeka pang'onopang'ono. Chimkuzamawu chimayankhula, inde, koma chimayankhula tsiku lonse za magule ndi masewera, ndipo ndinali nditasiya kuchimva monga umasiyira kumva chigayo ukakhala nacho pafupi. Mtima wanga unali m'malo. Kwathu mayi akataya mwana amafunsa awiri atatu, wina n'kumuuza kuti ali ndi aphunzitsi, iye n'kupitiriza kugulitsa tomato wake.

Anandipeza alonda awiri ndi mayi wina wothamanga wopanda nsapato, nkhope ili psuu. Mayiyo anayamba kukoka chitenje osadziwa pomasulira, ndipo ine ndinamumenya kadzanja kuti angamugwetse mwana. Apo ndiye ndinaonjezera mlandu. Ananditengera ku ofesi ya achitetezo, ndipo kumeneko ndinamva kuti akhala akufunafuna kwa theka la ola, mpaka ena amasuzumira m'madzi. Za madzi sindinaziganizire n'komwe.

Mwana wanga anamuitana ali pa ntchito, anabwera ndi epuloni yake. Ndinaopa kuti ndamuchotsetsa ntchito, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndikuopa chinthu chomwecho chimene ndinadzera. Anafotokoza modekha kuti kwathu mwana wolira amanyamulidwa ndi amene wamupeza, ndiponso kuti ine ndinali mphunzitsi wa ana aang'ono moyo wanga wonse. Alonda anaonetsa kanema wa makamera awo, ndinadziona ndekha ndikuwerama pamasitepe. Bambo a mwanayo mapeto ake anaseka. Mayi ake sanaseke, ndipo sindiwaimba mlandu. Mkulu wa alonda anandiuza mwaulemu kuti mwana wosochera amapita naye pa desiki, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Koma tikutuluka, kamwana kaja, katadzuka tsopano, kanatambasulira manja mwana wanga, mwina kanakopeka ndi baji yonyezimira pachifuwa pake. Iye anabwerera m'mbuyo, manja kumsana, maso kukhoma.

Titalowa m'chipinda changa anati, "Amayi, kuno mwana wa munthu sagwidwa."

Ine manyazi akandigwira amasanduka ukali, ndi chilema changa. Ndinati, "Ndaona. Ndaonanso kuti iwe waphunzira bwino kwambiri. Kamwana kukutambasulira manja, iwe n'kudumpha ngati waona njoka. Mtima unauma liti? Kapena waiwala kuti nawenso unabereka?"

Mawu a amalume ake anali atafika kale pakamwa. Iye anakhala pa bedi, anavula nsapato, n'kuyamba kutikita phazi.

"Mukudziwa chifukwa chake ndimakhala pa maulendo ataliatali?" anatero. "Sikuti amangondiikapo. Ndimachita kupempha. Chaka choyamba anandiika pa maulendo a holide aja. Ana paliponse, amayi. Wina akangoitana mayi ake kumbuyo kwanga, ine ndimatembenuka. Tsiku lina ndinatembenuka ndi thireyi yonse, makapu anathera pansi. Mayi wina akandipatsa mwana kuti ndimugwirire adye, ndimamugwira bwinobwino, ndikuseka, kenaka ndimakalowa mosungira mbale kukalira. Ndinachepa thupi, munandifunsa pa foni ngati ndikudwala. Ndiye ndinapempha andisamutse. Muno muli nkhalamba, ndimagwira ntchito, ndimagona, tsiku latha. Kamwana kaja ndikanakanyamula, mawa sindikanadzuka."

Ndinakhala pansi nanenso. Masabata awiri ndimayenda m'sitima muja ndikudabwa kuti bata lotereli munthu angalikonde bwanji, osadziwa kuti mwana wanga anachita kulisankha kuti apirire.

Kenaka anati, "Ndinakuonani pa kanema muja mmene munamuponyera kumbuyo. Wanga uja mumamuberekabe?"

Ndinafuna kunama, koma sindinathe. "Anasiya dzinja lathali. Akuti wakula, anzake amamuseka."

"Palibe anandiuza."

Zinali zoona. Lamulungu lililonse akaimba foni ndimangoti mwana ali bwino, akudya, akupita kusukulu. Ndimaganiza kuti zing'onozing'onozo alibe nazo ntchito, ndipo mwina ndimamumananso dala, chifukwa ndinali nditamukwiyira chamumtima.

Anapukuta m'maso ndi epuloni. "Amalume anakutumani, ndikudziwa. Nenani."

"Anandituma," ndinatero. "Koma mawu awowo ndi okumbutsa munthu woiwala. Ndibwerera nawo. Kusaina kapena kusasaina uone wekha. Mwana ali m'manja mwanga, ndipo manja anga akadali ndi mphamvu, wadzionera lero."

Anaseka misozi ili m'maso. Nthawi yotsalayo ndinamuuza zonse zimene ndinamumana: kuti dzino lakutsogolo linaguluka akudya chimanga chootcha, kuti amaopa nkhukundembo za aneba koma amanamizira kuti akungozilemekeza, kuti mu Sande sukulu amaimba mokweza kuposa aliyense ndipo nyimbo yake sakuidziwa. Ola litakwana anasamba kumaso, anavala nsapato, n'kubwerera kwa agogo ake osadya mchere.

Sabata yomalizayo inali yokoma kuposa zonse. Tinasiya kuzembana, ndipo masana aliwonse amabwera ndi mafunso. Titafika ku Ulaya anasaina. Ndinamva kuwawa pang'ono, koma sindinakwiye.

Achimwene anabwera tsiku lotsatira nditafika. Anafunsa ngati mwana wanga ndinamuuza, ndinati ayi. Analiza njinga yawo osatsanzika, koma patatha masabata awiri anabweranso kudzapempha mbewu ya mtedza, ndipo nkhaniyo sanaiyambenso.

Masiku ano foni ikalira Lamulungu masana, sindinenanso kuti mwana ali bwino basi. Ndimanena zonse, ngakhale zimene ndikudziwa kuti zimupweteka. Sabata yathayi ndinamuuza kuti mwana wayamba kudzipesa yekha tsitsi ndipo safunanso kuti ndimuperekeze kusukulu. Ndinalekezera pomwepo poopa kuti ndamupweteka. Kenaka anati, "Ndikumva, amayi. Pitirizani."