Mgonero wa Nachikho

Dzina loti Nachikho anamupatsa ndi azimayi anzake a kumpingo, ndipo linamukanirira mpaka lenilenilo anthu analiiwala. Mkati mwa sabata mayiyu ankasita nsalu zofunda kulondiri ya hotela ina, ataima chiimire, nthunzi ikumuwomba kumaso. Koma Loweruka loti mawa lake kuli mgonero wa Ambuye, ankapezeka m'kachipinda ka kuseri kwa guwa akutsuka timakapu. Timakapu ta mgonero n'tating'ono, mumangolowa chala chimodzi, ndiye iye ankakulunga kansalu koyera kuchala n'kumapukuta kamodzikamodzi, kenaka n'kukayang'anira pawindo kuti aone ngati mwatsala banga. Buledi ankadulanso yekha. Ntchitoyi anaiyamba mwamuna wake adakali moyo, ndipo maliro atachitika, mgonero womwewo ndi umene unkamulimbitsa mawondo.

Tsono mzime wake, mtsikana wofatsa amene ankaphunzira zosoka, anapezeka ali ndi pakati. Mwini mimbayo aliyense ankamudziwa: mnyamata woimba kiyibodi m'tchalitchi, mwana wa mlongo wake wa mlembi wa mpingo. Akulu a mpingo anakhala pansi n'kuigamula nkhaniyo mofulumira ngati akuthawa mvula. Mtsikana anamudula. Mayi wake anamudulanso, ati analephera kulera ndipo akusunga tchimo m'nyumba. Za mnyamata anati palibe umboni, ngati kuti mimba imabwera ndi mphepo.

Wodulidwa amakhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo pomwe anthu amatsamiritsa maambulera, ndipo mbale ya mgonero ikafika pamenepo imadumpha. Koma chipongwe chachikulu chinali chakuti timakapu anati apitirize kutsuka, poti panalibe wina wofuna ntchitoyo. Manja ake anali oyenera sopo, pakamwa pokha ndi pamene panali podetsedwa. Munthu ukaiganizira bwino nkhaniyi, mtima umachita kuwira.

Nachikho mtima unamuwira ndithu. Kuntchito ankaponda simbi pansalu mwamphamvu mpaka tebulo kumalira, ndipo anzake ankamuseka kuti akusita nkhope ya mlembi. Iye sankaseka nawo. Mgonero ankaufuna ngati madzi, ndipo Lamulungu lililonse la mgonero ankabwerera kunyumba osaulawa.

Miyezi imeneyo abusa ankalalikira za ufulu mwa Khristu. Ankati maunyolo anaduka, palibenso kapolo, wokhululukidwa wakhululukidwa basi. Mpingo unkayankha Ameni, kiyibodi n'kumathira ndemanga. Nachikho kumbuyo kuja ankadzifunsa kuti ufulu wake ndi uti umene umayamba wadutsa m'manja mwa mlembi usanafike kwa munthu. Tsiku lina anawatsata abusawo kuofesi n'kuwafunsa zomwezo.

Abusa sanali munthu woipa, koma ankaopa akulu a mpingo ngati apongozi. Anasisita m'manja, anatsokomola, kenaka anati njira ilipo. Mtsikana aime kutsogolo Lamulungu la mgonero, aulule tchimo lake pamaso pa mpingo wonse, osatchula dzina la wina aliyense. Akatero, mayi wake abwezeretsedwa tsiku lomwelo, adya mgonero pamodzi ndi anzake.

Nachikho sanakanene zimenezi kunyumba, koma mkazi wa mlembi anakumana ndi mtsikanayo pashopu n'kumuuza zonse, n'kuwonjezera kuti mwana wabwino samanitsa mayi ake chakudya cha Ambuye. Mtsikana anafika kunyumba maso ali psuu.

"Amayi, ndikaima," anatero. "Ndakuzunzani mokwanira. Adzandiyang'ana, adzaseka, kenaka adzatopa."

Apa Nachikho anayenera kukana, koma sanakane. Njala ya mgonero inamutseka pakamwa. Iye yemwe anali atamumva mwanayu kambirimbiri akulira kuchipinda, akupepesa kwa Mulungu mpaka mawu kusasa, anatenga simbi n'kumusitira diresi lokavala pokachita manyazi.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza kuposa masiku onse, poti mbiri inali itamveka. Anabwera ngakhale aja amangooneka pa ukwati. Ulaliki utatha, mlembi anakonza tayi n'kulengeza kuti pali mlongo amene ali ndi mawu. Makosi onse anatembenukira kumbuyo. Mtsikana anagwira benchi ndi dzanja limodzi, lina kuchirikiza msana, n'kuyamba kudzuka pang'onopang'ono ndi mimba yake yaikuluyo.

Nthawi yomweyo kiyibodi inayamba kulira chapansipansi, kanyimbo kachisoni koperekezera wochimwa. Nachikho anakweza maso. Mnyamata uja anali atatsinzina, mutu uli pambali, zala zikuyenda mwaulemu, akuimbira mimba yake yomwe. Mayiyu anamva kutentha kuchokera kumapazi mpaka kumutu. Anagwira mkono wa mwana wake n'kumukhazika pansi, iye n'kuimirira.

"Mwana uyu anapepesa kale kwa Mwini wake, ine ndikumva ndi makutu angawa," anatero, mawu akumveka mpaka kuguwa. "Abusa, mwatiphunzitsa nokha kuti Yesu anatimasula. Ndiye ine ndigule kachidutswa ka buledi ndi manyazi a mwana wanga? Ayi. Ngati gomelo ndi la Yesu, akudziwa pamene ndakhala. Ngati ndi lanu, idyani."

Kiyibodi inaduka pakati. M'tchalitchi munangoti zii, kupatula khanda lina limene linkayamwa mokokera. Abusa anayang'ana pansi. Mlembi anati umenewu ndi mwano, ndipo mayiyu wadzitsekera yekha khomo, asadzayembekezerenso kubwezeretsedwa. Nachikho anakhala pansi.

Mtsikana anamunong'oneza kuti atuluke, koma iye anakana, ati sanabe kanthu. Mbale inayenda benchi ndi benchi, inafika pa iwo n'kudumpha monga mwa masiku onse. Zinamupweteka, tisaname. Komabe kanali koyamba kuti asawerame mbaleyo podutsa. Anayang'ana woperekera mgoneroyo m'maso mpaka bamboyo anathawitsa nkhope. Anafufuza mumtima mwake mantha aja ankawamva akaona tayi ya mlembi, sanawapeze. Anatsinzina n'kupemphera yekha, ndipo anadabwa kuti pempherolo linatuluka mosavuta, lopanda womupempha chilolezo.

Potuluka palibe anawapatsa moni. Azimayi amene anamupatsa dzina aja anachita ngati akufunafuna kanthu m'zikwama. Awiriwo anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu, magalimoto akuwathira fumbi. Atafika pokwerera basi, mtsikana analephera kudzigwira, anayamba kulira n'kunena kuti wawatayitsa mayi ake mgonero mpaka kalekale.

Nachikho anamupukuta misozi ndi chikhatho chake chokhakhala ndi simbi. Mkwiyo unali usanathe, koma sunali wa kwa mwanayu.

"Ndikadakusiya uime paja, vinyo ameneyo ndikadamumeza bwanji?" anatero. "Khala apa, miyendo yako yatupa."