Makasitomala Othawira Kumanzere

Malonda a kaunjika pa Muloza amathera pamsana pa kasitomala. Akakana mtengo n'kuyamba kuchoka, sumuyang'ana. Umanamizira kupinda malaya, koma cham'mbali ukumuona. Akayamba kukoka miyendo, umamuitana, wagula ameneyo. Luso limeneli ndi limene linkandisunga pamalo abwino, m'mphepete mwenimweni mwa msewu, mpaka tsiku lomwe ndinagwa chagada pa kabaza, nkhongo n'kumenyetsa pamwala.

Bala linapola msanga. Koma kuchokera pamenepo, aliyense wochoka molowera kumanzere kwanga, mbali ya ku Milange, ankangozimirira. Si mdima ayi. Kumangokhala kulibe kanthu, ngati mmene kulili kumbuyo kwa mutu wanu panopa.

Ndinapita kuchipatala ku Blantyre ndikuganiza kuti ndibwerako ndi magalasi. Adokotala, mayi wamng'ono kwa ine, anandiuza kuti ndiyang'ane mphuno yawo iwo akugwedeza zala uku ndi uku. Atandijambula mutu anati maso onse awiri ali bwinobwino. Diso, anatero, ndi wonyamula katundu chabe. Belo la katunduyo limakamasulidwa kunkhongo, m'gawo la ubongo limene limaona. Kumeneko zinthu zimayalidwa mwadongosolo, malo alionse amene diso laona ali ndi benchi lake, ndipo zakumanzere zimayalidwa mbali ya kumanja. Kwa ine, mabenchi akumanjawo ndiwo anaphwanyika, ndipo sangakonzekenso. Ndinamvetsa zonse, mwina kuposa mmene ndinkafunira.

Basi ndinayamba kunenerera, poti china sindidziwa.

"Chabwino adokotala, zonse zakanika. Nanga theka lokha?"

"Bambo, apa palibe zotsitsana," anatero, osaseka.

Ndinadzuka pang'onopang'ono kulowera kukhomo, khutu lili tcheru kuti andiitana. Sanandiitane. Ndinangogunda chitseko ndi phewa lamanzere.

Chimene anandiphunzitsa n'choti ndizitembenuza mutu pafupipafupi. Powoloka msewu zimathandizadi. Koma pamalonda, ukatembenukira kasitomala amene akuchoka, wamuuza wekha kuti uli ndi njala, ndipo amabwerera kudzakuvula. Ndikapanda kutembenuka, sindidziwa ngati waima kapena wafika kale pachipata cha malire. Tsiku lina ndinakuwa kuti "bwerani, tengani" kwa munthu amene anali chiimire pambali panga, akuyesa jekete.

Ndinayesako kukhala tsidya lina la msewu. Olowera ku Milange anayamba kuoneka, olowera ku boma n'kusowa. Anzanga ankati ndagula maso osatsegula belo, ine n'kumaseka nawo.

Mapeto ake malo a pamsewu ndinawasiyira mlamu wanga. Panopa ndimayala kumapeto kwa mzere, khoma la golosale lili kumanzere kwanga, kuti aliyense wochoka azidutsa mbali yomwe ndimaona. Kunoko kumafika anthu ochepa, ambiri ofuna mthunzi. Akazi anga amati ndibwerere kumudzi tizikalima nandolo, ndipo ndimawayankha kuti tione kaye mwezi uno.